Ku Britain nduna yaikulu imagwetsedwa ndi aphungu ake omwe

Anthu a ku Britain sasankha nduna yaikulu. Tsiku lovota, munthu amalandira pepala lokhala ndi mayina a ofuna uphungu wa dera lake basi. Maderawo alipo 650, ndipo amene waposa anzake ndiye phungu, ngakhale mavoti ake asafike theka. Zotsatira zikadziwika, mfumu imaitana munthu amene aphungu ambiri a m'nyumba ya House of Commons angamuikire kumbuyo, n'kumupempha kuti apange boma. Kawirikawiri amakhala mtsogoleri wa chipani chomwe chapeza mipando 326 kapena kuposa. Mu 2024 chipani cha Labour chinatenga mipando 411 ndi mavoti pafupifupi 34 pa 100 aliwonse, umboni wakuti chofunika kumeneko ndi mipando, osati kuchuluka kwa mavoti m'dziko lonse.

Mukawerenga malamulo okha mungaganize kuti mfumu ndiye mwini zonse. Imasankha nduna yaikulu, imatsegulira Nyumba ya Malamulo, ndipo bilu siikhala lamulo isanavomereze. Koma zonsezi imachita motsata zimene nduna zanena, ngakhale mawu amene imawerenga potsegulira nyumbayo amalemba ndi boma. Komaliza kukana bilu kunali mu 1708, m'nthawi ya Mfumukazi Anne. Nyumba yachiwiri, ya House of Lords, mamembala ake sasankhidwa ndi anthu. Ntchito yawo yaikulu ndi kupeta mabilu, ndipo nthawi zambiri amaigwira bwino kuposa aphungu. Koma malamulo a mu 1911 ndi 1949 anawadula mapiko: bilu wamba angathe kuichedwetsa pafupifupi chaka chimodzi, ya zachuma mwezi umodzi wokha.

Tsono mphamvu zili ku Commons. Komabe kunena choncho n'kunena theka la nkhani, chifukwa boma lenilenilo limakhala m'nyumba momwemo. Nduna yaikulu ndi phungu, nduna zambiri ndi aphungu, ndipo lamulo limalola kuti nduna zokhala mu Commons zifike 95. Aliyense wa amenewa ayenera kuvota ndi boma. Akafuna kutsutsa poyera ayambe watula pansi udindo. Choncho voti isanayambe n'komwe, boma limakhala litasunga kale mavoti ochuluka ndithu, kuphatikizapo a aphungu ena amene akuyembekeza kuti mawa unduna udzawagwera.

Boma limagwiranso zinthu ziwiri zimene anthu ambiri saziganizira, nthawi ndi ndalama. Malamulo a nyumbayi amaika ntchito za boma patsogolo pafupifupi tsiku lililonse. Otsutsa amapatsidwa masiku 20 pa chigawo chilichonse cha zokambirana, pomwe mabilu a aphungu wamba amakhala ndi masiku a Lachisanu 13 okha, ndipo ambiri amafa chifukwa nthawi yatha. Pa zandalama, ndi nduna yokha imene ingabweretse msonkho watsopano kapena kupempha kuti ndalama za boma zigwiritsidwe ntchito. Mafunso a Lachitatu lililonse masana, pomwe nduna yaikulu imayankha kwa theka la ola, ndi amene amaoneka kwambiri pa kanema, koma sasintha lamulo lililonse. Amangoonetsa aphungu a chipani cholamula ngati mtsogoleri wawo akadali ndi mano.

Pali anthu enanso ofunika, osungitsa mwambo m'chipani. Sabata iliyonse amatumizira aphungu awo kalata ya zimene zikubwera m'nyumba, ndipo voti iliyonse amaidula mzere kunsi. Mzere umodzi, bwerani mukafuna. Itatu, mupezeke ndipo muvote monga chipani chanenera. Wokana angathe kuchotsedwa m'gulu la aphungu a chipanicho. Mpando wake sauluza, koma pa chisankho chotsatira sangaimire chipani, ndipo ndi ochepa amene amapambana paokha. Mu September 2019 Boris Johnson, nduna yaikulu ya nthawiyo, anachita zimenezi kwa aphungu 21 nthawi imodzi.

Nanga boma lotere limagwa bwanji? Njira yodziwika ndi voti yosonyeza kuti nyumba yataya chikhulupiriro mwa boma. Likagonja, limatula pansi udindo kapena kuitanitsa chisankho. Koma izi sizichitika kawirikawiri. Komaliza kunali pa 28 March 1979, pamene boma la James Callaghan linagonja ndi voti imodzi, 311 kwa 310, ndipo linali litataya kale mipando yokwanira kulamula palokha. Chifukwa chake n'chosavuta: phungu wa chipani cholamula akagwetsa boma, mpando wake womwe umakhala pachiswe. Taonani za Theresa May, amene anali nduna yaikulu mu 2019. Pa 15 January 2019 nyumba inakana pangano lake lotulukira mu European Union ndi mavoti 432 kwa 202, aphungu oposa 100 a chipani chake atamutembenukira. M'mawa mwake anthu omwewo anamuteteza pa voti ya chikhulupiriro, napambana 325 kwa 306. Pangano sanalifune, koma chisankho sanachifunenso.

Mpeni weniweni uli m'chipani. Nduna yaikulu Margaret Thatcher anapambana zisankho zitatu, koma mu November 1990 Michael Heseltine atapikisana naye pa utsogoleri wa chipani cha Conservative, anapeza mavoti 204 kwa 152, n'kuperewera anayi kuti apambaniretu ulendo woyamba. Nduna zake zinalowa imodziimodzi kumuuza kuti ulendo wachiwiri sapambana, ndipo anatula pansi udindo. Johnson anachoka mu 2022 nduna ndi othandizira oposa 50 atasiya ntchito m'masiku awiri okha. Liz Truss, amene analowa m'malo mwake, anakhala masiku 49. Palibe mmodzi mwa atatuwa amene anachotsedwa ndi ovota kapena otsutsa boma. Nduna yaikulu ili ndi mphamvu zoopsa, imalemba ndi kuchotsa nduna mmene yafunira, koma pokhapokha aphungu ake akukhulupirira kuti dzina lake liwasungira mipando yawo. Akayamba kukayika, sipafunika mlandu uliwonse.

Chipani chikalephera kufika 326, mphamvu zina zimatsetserekera kwa zipani zing'onozing'ono. Mu 2017 May anadalira aphungu 10 a chipani cha DUP cha ku Northern Ireland, ndipo deralo linalonjezedwa ndalama zoonjezera zokwana 1 biliyoni ya mapaundi. Makhoti nawo malire awo ndi osiyana ndi a kwathu. Sangafafanize lamulo limene Nyumba ya Malamulo yapanga, koma angathe kuletsa nduna kupyola mphamvu zake, monga mu September 2019 pamene khoti lalikulu linagamula kuti Johnson anatseka nyumbayo mosatsata malamulo.

Malawi anayamba ndi dongosolo lomweli. Pa 6 July 1964 Dr Hastings Kamuzu Banda anali nduna yaikulu, osati pulezidenti. Atasemphana ndi nduna zake mu September chaka chomwecho, anachotsa Kanyama Chiume, Orton Chirwa ndi Augustine Bwanausi, ena monga Henry Chipembere ndi Yatuta Chisiza natula pansi okha. Nkhani inapita ku Nyumba ya Malamulo ndipo aphungu anaima ndi Kamuzu. Kusiyana ndi za Thatcher kunali kumeneko: nduna zinapanduka, koma aphungu wamba sanazitsatire. Mu 1966 dziko linasiya dongosololi.

Lero pulezidenti wa Malawi amasankhidwa mwachindunji ndi anthu, ndiye aphungu sangamuchotse chabe chifukwa asiya kumukhulupirira. N'chifukwa chake Bingu wa Mutharika anatha kuchoka mu UDF mu 2005, n'kuyambitsa DPP, napitiriza kulamula ali ndi aphungu ochepa, ngakhale bajeti inkavuta kudutsa pa mkangano wa Gawo 65 la malamulo aakulu a dziko, lokhudza aphungu osintha chipani. Ku Britain boma lotero silikanatha mwezi. Abale athu okhala ku South Africa anaona mbali inayo. Kumeneko pulezidenti amasankhidwa ndi aphungu 400 a National Assembly, kotero chipani cholamula cha ANC chitauza Thabo Mbeki mu 2008 ndi Jacob Zuma mu 2018 kuti atule pansi udindo, onse awiri anachoka nthawi yawo isanakwane, podziwa kuti akakana, aphungu a chipani chawo chomwe awachotsa ndi voti m'nyumbamo.