Mayeso a ACCUPLACER si olowera koleji

Ambiri opita kukaphunzira ku America amaganiza kuti akalakwa mayeso a ACCUPLACER, koleji iwabweza. Ayi ndithu. Mayesowa, omwe amakonza ndi a bungwe loona za mayeso la College Board, alibe zoti wakhoza kapena walephera ngati a MANEB. Amangoona kalasi ya masamu kapena Chingerezi yoti muyambire, malo mutapeza kale.

Koma musawapeputse. Mukalemba mwaulesi, mwina tulo ta ulendo tisanathe m'maso, amakuikani m'kalasi yobwereza za ku sekondale. Fizi mulipira, miyezi ipita, koma kawirikawiri kalasiyo siyiwerengedwa pa digiri yanu. N'chifukwa chake mu 2017 boma la dera la California lidakhazikitsa lamulo la AB 705, loti ma community college (makoleji a boma a maphunziro a zaka ziwiri) aziyang'ana magiredi a ku sekondale posankhira wophunzira kalasi, osangodalira mayeso ngati amenewa.