Mavitamini a m'magazi ndi kufooka kwa maso pa ukalamba

Kumbuyo kwenikweni kwa diso kuli kachigawo kakang'ono kotchedwa macula, komwe kamatithandiza kuwerenga ndi kuzindikira nkhope za anthu. Munthu akapitirira zaka 50, kachigawoka kamatha kuyamba kuwonongeka, ndipo vutoli madokotala amalitchula kuti AMD. Wodwala amaona mbuu pakati pa chimene akuyang'ana pamene m'mbali akuona bwinobwino, ndipo mizere yowongoka, monga ya felemu ya chitseko, imaoneka yokhota. Matendawa ndi osiyana ndi ng'ala, chifukwa ng'ala imachotsedwa pa opaleshoni, koma maselo a macula akafa sabwereranso.

Ofufuza akhala akuunika kwambiri homocysteine, amino acid amene amapangidwa thupi likamagwiritsa ntchito mapuloteni. Kuti asachuluke, thupi limadalira vitamini B12, B6 ndi folate, choncho mavitaminiwa akachepa, homocysteine amakwera m'magazi, ndipo akatswiri amaganiza kuti amawononga timitsempha todyetsa diso. Kafukufuku wa Blue Mountains ku Australia, yemwe anatsatira okalamba kwa zaka 10, anapeza kuti AMD inkagwira kwambiri anthu amene homocysteine wawo anali wokwera kapena B12 wawo anali wochepa. Ku America, zotsatira za mu 2009 za kafukufuku wa amayi 5,442 odwala mtima kapena omwe anali pachiopsezo cha matenda a mtima zinaonetsa kuti mwa amene ankamwa mavitamini atatuwa kwa zaka pafupifupi 7, AMD inachepa ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu.

Zimenezi n'zolimbikitsa, koma sizikutanthauza kuti aliyense athamangire kugula mapiritsi. Kafukufuku wa AREDS, amene bungwe la ku America la National Eye Institute linatulutsa mu 2001, anasonyeza kuti kusakaniza vitamini C, vitamini E, beta-carotene, zinc ndi copper kunachepetsa ndi pafupifupi 25 peresenti chiopsezo choti matendawa afike poipa, koma phindulo linaoneka mwa okhawo amene AMD inali itakula kale, ndipo pa ng'ala mapiritsiwa sanathandize. Mu 2013, kafukufuku wachiwiri, AREDS2, analimbikitsa lutein ndi zeaxanthin, michere yopezeka m'zomera, m'malo mwa beta-carotene, chifukwa beta-carotene amawonjezera chiopsezo cha khansa ya m'mapapo kwa osuta fodya, ngakhalenso amene anasiya.

Chodetsa nkhawa kwambiri n'chakuti B12 amatha kuchepa mwakachetechete mwa okalamba ngakhale akudya bwino, popeza m'mimba mwawo mumachepa asidi wothandiza kutenga vitaminiyu m'chakudya. Amene amamwa metformin wa matenda a shuga kwa nthawi yaitali komanso amene sadya nyama, nsomba, mazira kapena mkaka ayenera kupempha dokotala kuti awayeze magazi, makamaka ngati akumva dzanzi m'manja ndi m'mapazi. Folate amapezeka m'ndiwo zamasamba zobiriwira kwambiri ndi m'nyemba, ndipo masamba omwewo ali ndi lutein. Kusiya fodya kumathandizanso kuteteza macula.

Kunyumba, tsekani diso limodzi n'kuyang'ana mzere wowongoka, kenako chitani chimodzimodzi ndi linalo, chifukwa diso labwino limabisa vuto la linzake. Mukaona kuti mzerewo wakhota mwadzidzidzi, pitani kuchipatala cha maso msanga, popeza mtundu wina wa AMD, umene timitsempha timatayira madzi ndi magazi m'diso, umathandizidwa ndi jakisoni ngati wapezeka nthawi isanathe.