Makolo Akayamba Kuiwala, Dokotala Amafunsa Kuti Zinayamba Liti

Achibale akabwera ndi munthu wachikulire n'kunena kuti mutu wake sukuyenda bwino, funso loyamba limene timafunsa ndi lakuti zinayamba liti. Yankho lake nthawi zambiri limatiuza zochuluka kuposa sikani yojambula ubongo. Ngati bambo anali bwinobwino Lolemba, koma pofika Lachinayi sakuzindikira ana awo, usiku akubwebweta, masana akungosinza, kawirikawiri amenewo si matenda oiwalaiwala otchedwa dementia. Ndi kusokonezeka kwadzidzidzi kumene madokotala amati delirium, ndipo gwero lake limakhala chibayo, matenda a m'njira ya mkodzo, kuchepa kwa madzi m'thupi, shuga kutsika kapena kukwera kwambiri, mwinanso mankhwala amene angoyamba kumwa. Wotereyu ngwothamanga naye kuchipatala tsiku lomwelo.

Dementia imabwera mokwawa, kwa miyezi ngakhale zaka. Ndi dzina la vuto limene limayamba chifukwa cha matenda osiyanasiyana a mu ubongo: kukumbukira, kulankhula, kuwerengera ndi kukonza zochita zimafooka mpaka munthu kulephera ntchito zimene wakhala akuzigwira moyo wake wonse. Ukalamba umawonjezera chiopsezo, koma wokha subweretsa zimenezi. Alipo ambiri a zaka 90 amene nzeru zawo zili gwa. Bungwe la WHO limati anthu oposa 55 miliyoni padziko lonse ali ndi vutoli, ndipo chaka chilichonse kumapezeka odwala atsopano pafupifupi 10 miliyoni.

Mwa anthu 100 alionse odwala dementia, pakati pa 60 ndi 70 amakhala ndi matenda a Alzheimer. Dzinali ndi la Alois Alzheimer, dokotala wa ku Germany amene mu 1906 anafotokoza za mayi wina, Auguste Deter, yemwe anagonekedwa m'chipatala ku Frankfurt ali ndi zaka 51. Pa matendawa, mapuloteni awiri, amyloid ndi tau, amaunjikana mu ubongo n'kumapha maselo, ndipo mbali imene imawonongeka msanga ndi yosunga zinthu zatsopano. Apa m'pamene mabanja ambiri amanamizika. Mayi amatha kufotokoza za ukwati wawo wa zaka 50 zapitazo, mayina a onse amene anabwera, koma n'kufunsa kanayi pa ola limodzi ngati mwana wawo waimba foni. Ana amati, "Amayi akukumbukira zonse, akungochita dala." Sakuchita dala. Zakale zinasungika ubongo uli wamphamvu; zalero zikusowa polowera.

Mtundu wachiwiri wa dementia umabwera magazi akamalephera kufika bwino mu ubongo, makamaka kwa odwala BP, shuga, osuta fodya ndi amene anadwalapo sitiroko. Uwu nthawi zina umatsika ngati masitepe: munthu amakhala chimodzimodzi miyezi ingapo, kenako n'kugwa mwadzidzidzi, n'kukhazikikanso. Palinso dementia ya Lewy body, imene wodwala amaona anthu kapena tinyama pamene palibe, thupi limauma ngati wa matenda onjenjemeretsa a Parkinson, lero ali bwino mawa wasokonezeka. Uwu ndimauchenjezera kwambiri, chifukwa mankhwala ena ogonetsa anthu olusa, monga haloperidol, amatha kumuvulaza koopsa. Mtundu wina ndi wa frontotemporal, umene umakonda kuyamba pakati pa zaka 45 ndi 65, ndipo umayambira pa khalidwe: munthu waulemu amayamba kutukwana, kuwononga ndalama, kusowa manyazi, pomwe kukumbukira kukadali bwino.

Nanga bwanji kuvutika n'kukayezetsa pamene ambiri mwa matendawa sachira? Chifukwa zina zimene zimaoneka ngati dementia zimachizika. Kuchepa kwa vitamini B12, chithokomiro chosagwira bwino ntchito, chindoko chimene chafika ku ubongo, HIV, mowa, matenda ovutika maganizo, magazi oundana pansi pa chigaza munthu atagwa milungu ingapo yapitayo, zonsezi zingamuiwalitse munthu. Pali ngakhale vuto la madzi ochuluka mu ubongo, limene limadziwika ndi zinthu zitatu: kuyenda ngati mapazi amatidwa pansi, kudzikodzera, ndi kuiwala. Ndipo wina amangokhala kuti sakumva bwino, n'chifukwa chake akuyankha zosemphana. Kungonena kuti "ndi ukalamba" popanda kuyeza magazi, kwa ine, n'kumulanda munthu mwayi.

Katswiri wa matenda a ubongo ndi mitsempha, amene timamutcha neurologist, sapezeka paliponse. M'mayiko ambiri akatswiriwa ndi ochepa, ndipo amakhala m'zipatala zikuluzikulu ndi zophunzitsira madokotala. Musataye miyezi mukusakasaka dzina lake. Yambirani pa chipatala chapafupi, ayeze magazi, BP ndi shuga, aone mankhwala amene wodwala akumwa, ndiyeno mupemphe kalata yokutumizani kwa katswiri. Ngati neurologist palibe, dokotala wa matenda a m'maganizo, wa matenda a okalamba kapena katswiri wa matenda a akuluakulu amathanso kuzindikira ndi kusamalira vutoli. Kupita kwa dokotala wa maganizo sikutanthauza kuti makolo anu achita misala. Koma limbikirani kuti muonane ndi neurologist ngati wodwalayo sanakwane zaka 65, ngati zinthu zikuipiraipira m'milungu yochepa, kapena ngati pali kukomoka, kunjenjemera, kugwaigwa ndi kufooka mbali imodzi. Amene mwamupeza panokha, tsimikizani kuti ndi wolembetsedwa ku bungwe loyang'anira madokotala, ndipo aliyense wolonjeza kuchiziratu Alzheimer muzimukayikira.

Pa tsiku lokaonana ndi dokotala wodwalayo apite ndi munthu amene amakhala naye m'nyumba, osati mwana amene wangobwera kudzalipira. M'chipinda choyezera zizindikiro zimaoneka msanga. Tikafunsa kuti, "Agogo, lero n'lachingati?" iwo amaseka pang'ono, n'kutembenukira kwa mkazi wawo kuti, "Tawauzani inu." Kutembenuka kumeneko timakuona. Kenako timawapatsa pepala kuti ajambule wotchi, alembe manambala onse, mivi iloze mphindi 10 itadutsa 11 koloko. Wina amene amacheza bwinobwino amapanikiza manambala onse 12 mbali imodzi, kapena kuloza muvi pa 10 m'malo mwa pa 2. Mayeso odziwika, MMSE ndi MoCA, onse amakhala ndi mapointi 30, koma amalakwira munthu amene sanapite patali ndi sukulu kapena woyezedwa m'chinenero chachilendo, choncho nenani za maphunziro awo, ndipo musaiwale magalasi awo. Tengani mankhwala onse m'mapaketi ake, ndi pepala limene mwalembapo zochitika zenizeni: mwezi umene anasochera panjira yodziwika, tsiku limene anasiya mbaula ikuyaka. Zochititsa manyazi, monga kudzikodzera kapena kunamizira anthu kuba, pemphani kuzinena iwo atatuluka. Sikani ya CT kapena MRI imathandiza kuona sitiroko, chotupa kapena magazi, koma yokha siingagamule.

Za mankhwala ndinene zoona. Donepezil, rivastigmine, galantamine ndi memantine amathandiza ena kwa kanthawi, saimitsa matenda. Donepezil amatha kuyambitsa nseru, kutsegula m'mimba ndi kuchedwetsa kugunda kwa mtima, ndiye dokotala ayenera kumaonanso wodwalayo. Kuchepetsa BP ndi shuga, kukonza vuto la kumva, kuyendayenda ndi kusasintha ndondomeko ya tsiku zimagwiranso ntchito yaikulu, ngakhale zimaoneka zopepuka.

Musanatuluke, funsani dokotala kuti akuganiza kuti ndi mtundu uti wa dementia, mudzabwerenso liti, ndipo mukapite kuti zinthu zikasintha mwadzidzidzi. Funsaninso ngati wodwalayo angapitirize kuyendetsa galimoto kapena kugona yekha. Nkhani za ndalama, za katundu ndi za amene adzawasankhire zochita mtsogolo muzikambirane nawo m'miyezi yoyambirira, pamene akadatha kunena okha zimene akufuna. Ndipo amene akusamalira wodwalayo usana ndi usiku amuuze dokotala ngati iyenso wasiya kugona.