Osangoti "nili chabe bwino" pomwe mkati mukupsa

Abale a muno mu Lusaka, pali anthu amene amapita ku kiliniki ku Matero, Kanyama kapena Chawama ndi mutu wosatha, m'mimba mowotcha, mtima kuthamanga usiku, ayezedwa malungo palibe, apatsidwa panado, sabata yamawa abwereranso. Kuyezetsa nkofunika, osasiya, koma nthawi zina chikudwalitsa munthu ndi zimene wakhala akumeza osanena. Munthu ukakwiya kapena kuchita mantha thupi limatulutsa mahomoni otchedwa adrenaline ndi cortisol, mtima umagunda msanga, khosi ndi mapewa zimalimba, m'mimba mumasokonekera. Tsiku limodzi palibe vuto, zimatha zokha, koma zikakhala miyezi tulo timathawa ndipo BP imatha kukwera.

Choyamba ndi kudziwa chimene mukumva kwenikweni, ndipo apa mpomwe ambiri timalephera chifukwa chilichonse timangoti ndi stress basi. Taganizani bambo amene amawotcherera mageti, magetsi azima tsiku lonse, kasitomala wapita kwina, alandilodi aimba kawiri, madzulo afika kunyumba nkuyamba kukalipira mwana chifukwa cha mbale yomwe sinatsukidwe. Mbaleyo ilibe mlandu. Chili mumtima ndi mantha a renti komanso manyazi oti abwera chimanjamanja, koma mkwiyo ndi umene umatuluka chifukwa ndi wokhawo umene tinaphunzitsidwa kuti mwamuna angaonetse. Ndiye mukamva pakhosi pakumanga kapena manja akutentha, imani kaye, pumani mozama kangapo, mudzifunse kuti ichi ndi chani, mkwiyo, mantha, nsanje, chisoni, kapena kusungulumwa chabe? Chinayamba liti, nditamva chani? Ena zimawathandiza kulemba mu foni mzere umodzi asanagone.

Kenako chineneni, muyambire kwa inu mwini. "Amake mwana, ine nkhani ya renti ikundiopsa, sindikugona" imamveka mosiyana kwambiri ndi "iwe nthawi zonse umawononga ndalama", yoyambayo mnzanu amakhala pansi nkumvetsera, yachiwiriyo amayamba kudziteteza. Sankhani nthawi, osati mutamwa, osati pa gulupu ya WhatsApp ya banja lonse, komanso status yolasa munthu mosamutchula sikunena zakukhosi ayi, nkuwonjezera moto. Simufunika kuuza aliyense, munthu mmodzi wosunga chinsinsi ndi wokwanira, kaya ndi azakhali, abusa kapena mnzanu wa ku chilimba.

Nkhani ya "mwamuna salira" ija ine ndimaiona kuti ikutipweteka. Pamaliro amayi amalira m'nyumba momasuka, abambo ali panja pa tenti kuwotha mbaula, kukamba za mpira ndi ndale, mwini maliro ali du ngati mlendo, ndiye miyezi ikadutsa mumupeza ku bala tsiku lililonse. Ana nawonso, mwana akalira osathamangira kuti "khala chete", mufunseni kuti chakukhumudwitsa nchani, amaphunzira kutchula zomwe akumva kuchokera kwa ife.

Manje pali pomwe kukamba ndi achibale sikukwanira. Ngati kwa masabata awiri kapena kuposa muli wokhumudwa pafupifupi tsiku lililonse, zimene munkakonda sizikukomanso, chakudya sichikulowa kapena mukungogona, pitani ku kiliniki mukanene zonse, osati mutu wokha, chifukwa matenda a kukhumudwa amachizika ndi uphungu komanso mankhwala. Akaona kuti nkoyenera akutumizani ku chipatala chachikulu cha UTH kapena ku chipatala cha matenda a maganizo cha Chainama Hills, ndipo dzina la Chainama lisakuopseni, kumapita anthu wamba amene amaonana ndi dokotala nkubwerera kwawo tsiku lomwelo. Lamulo la umoyo wa maganizo la Mental Health Act la 2019, lomwe linalowa m'malo mwa lakale la 1949, limateteza ulemu ndi ufulu wa wodwala. Ngati simukufuna kuonana ndi munthu maso ndi maso, imbani 933 ya Lifeline, ana ndi 116 ya Childline, zonse ndi zaulere.

Wina akakuuzani kuti watopa ndi moyo musamuseke kapena kumulalikira, mufunseni mosabisa ngati akuganiza zodzipha, kufunsa sikumupatsa maganizowo. Akavomera musamusiye yekha, chotsani mankhwala a makoswe ndi ophera tizirombo m'nyumba, mupite naye kuchipatala tsiku lomwelo.