Kodi Anthu Onse a ku America Ali Kumbali ya Israel?

Pa WhatsApp pamayenda uthenga woti munthu aliyense wa ku America amaikira kumbuyo dziko la Israel. Si zoona. Boma la America limatumizadi zida ndi ndalama zambiri ku Israel, koma zochita za boma ndi maganizo a anthu wamba ndi zinthu ziwiri zosiyana.

Kafukufuku wa bungwe la Pew Research Center mu 2025 anapeza kuti anthu 53 mwa 100 alionse a ku America sankaliona bwino dziko la Israel, pomwe mu 2022 anali 42. Kusiyana kwenikweni kuli pa zipani. Mwa otsatira chipani cha Democratic, 69 mwa 100 sankaliona bwino mu 2025. Mwa a chipani cha Republican anali 37 okha. Ngakhale mkati mwa Republican momwemo nkhani yagawikana ndi msinkhu: pafupifupi theka la osakwana zaka 50 anali ndi maganizo otsutsa, pamene akuluakulu ambiri anali adakali pambuyo pa Israel. Akhristu achizungu a mipingo ya evangelical ali m'gulu la anthu amene amalikonda kwambiri, ndipo poti maulaliki awo amamveka pa TV ndi pa YouTube, nzosadabwitsa kuti ena amaganiza kuti America yonse ndi choncho.

Bungwe lina lofufuza maganizo a anthu la Gallup linaona kale kusinthaku mu 2023, nkhondo ya ku Gaza isanayambe: koyamba, a Democratic omvera chisoni anthu a ku Palestine anachuluka kuposa omvera chisoni a ku Israel, 49 kwa 38 mwa 100 alionse.