Kachitsulo kochepetsa chibwibwi pa cello

Pafupifupi cello iliyonse (chida choimbira chooneka ngati vayolini yaikulu, chimene amachiliza pokoka uta pa nsambo zake), kaya ndi ya ophunzira kaya ndi yamtengo wapatali, ili ndi malo amodzi pamene mawu amakana kutuluka bwino. Mukukoka uta monga mwa masiku onse, manoti ena onse akumveka mosalala, koma mukangofika pa noti imeneyo mawu amayamba kudukiza ndi kunjenjemera, mwina kudumphira m'mwamba, ngati munthu wachibwibwi amene wakakamira pa liwu limodzi. Oimba ndi okonza zida zoimbira amatcha vutoli wolf. Ophunzira amene ndimawaphunzitsa kuno ku Zomba akakumana nalo amayamba ndi kudziimba mlandu, kenako amaimba mlandu nsambo, pomaliza amati chida chafa. Zonse zitatuzi kawirikawiri si zoona.

Cello ili ndi nsambo zinayi: C, G, D ndi A. Wolf imakonda kukhala pakati pa noti ya E ndi F sharp, makamaka pa F, imene nsambo imanjenjemera maulendo pafupifupi 175 pa sekondi. Pa nsambo ya D, dzanja lili kumtunda kwa khosi, notiyi ikhoza kungomveka yolimba pang'ono. Koma imbani noti yomweyo pa nsambo ya G, dzanja litatsikira kufupi ndi thupi la chida, mudzaimva bwinobwino. Chifukwa chake n'chakuti nsambo ya G ndi yonenepa ndi yolemera, motero imakankha thupi mwamphamvu kuposa ya D.

Chimene chimachitika n'chotere. Nsambo payokha ilibe mawu okwanira kudzaza ngakhale chipinda chogona. Kunjenjemera kwake kumadutsa pa bridge, kathabwa koima kamene kanyamula nsambo, n'kulowa m'thabwa la pamwamba, ndipo thupi lonse ndi limene limakankha mpweya kuti timve. Kuti nsambo ilire mokhazikika imafuna kuti bridge ikhale pafupifupi chilili, izingogwedezeka pang'ono. Tsono thupi la cello nalonso lili ndi noti yakeyake, imene limaikonda kuposa zonse. Mutagogoda ndi chala pathabwa mungathe kuimva patalipatali. Noti imene mukuimba ikafanana ndi ya thupiyo, thupi limalandira mphamvu mwadyera, bridge imagwedezeka kwambiri, ndipo nsambo imasowa potsamira. Uta umalephera kuigwira bwino, mawu amazima. Akazima, thupi limakhala bata, nsambo imagwiranso, mawu amabwerera, thupi limayambanso kulanda. Zimenezi zimabwerezeka kangapo pa sekondi imodzi, ndipo khutu limamva kudukiza kuja.

Nkhaniyi si yatsopano. Katswiri wa sayansi wa ku India, C. V. Raman, amene anadzalandira mphoto ya Nobel mu 1930 pa ntchito ina yokhudza kuwala, anafufuza ndi kulemba za wolf mu 1916. Chimene ine ndimafuna kuti eni zida amvetse n'chakuti chida chimene thabwa lake ndi lopepuka ndi lomvera, ndiye kuti chida chabwino, nthawi zambiri ndi chimene chimakhala ndi wolf yaukali. Cello ya thabwa lochindikala, yopakidwa vanishi wambiri, mwina singakuvuteni n'komwe, koma mawu akenso amakhala ogontha paliponse.

Kachitsulo kamene kamathandiza n'kakang'ono kuposa chala chakumapeto. Kofala kwambiri ndi kapaipi ka mkuwa kong'ambika m'mbali, kokhala ndi labala mkati ndi kasikuluwu komangira. Palinso ena a mkuwa wokhawokha, opanda labala, amene amangokoleka pa nsambo ndi kampata kokhota. Amalemera magalamu ochepa chabe, ena 3, ena 7, ena kupitirira 10. Sikaikidwa pamene uta umadutsa ayi. Kamaikidwa kuseri kwa bridge, pa kachigawo kakafupi ka nsambo kamene kamapita ku tailpiece, chomangira nsambo cha kumunsi. Kachigawo kameneka ndi ka masentimita 11 kapena 12, ndipo kopanda kanthu kamalira noti yokwera kwambiri. Mukakalemetsa, noti yake imatsika, ndipo cholinga n'chakuti itsike mpaka kufika pafupi ndi noti ya wolf. Zikatero, mphamvu ija imene thupi linkalanda yokha imagawika: ina imapita kukagwedeza kachitsulo. Akatswiri omanga amagwiritsa ntchito nzeru yomweyi. M'nyumba yaitali ya Taipei 101 ku Taiwan muli mpira wachitsulo wa matani 660 wolendewera, wochepetsa kugwedezeka kwa nyumbayo mphepo ikaomba.

Anthu ambiri amalakwitsa pa kaikidwe. Amagula, kumanga pakatikati, kuyesa kamodzi, n'kunena kuti sikagwira ntchito. Yambani mwapeza wolf yeniyeniyo: tsetsereketsani chala pang'onopang'ono pa nsambo ya G kuchokera pa E kukafika pa F sharp, uta ukuyenda mopepuka, mpaka mutafika poipitsitsa. Kumbukirani notiyo. Kenako ikani kachitsulo pa nsambo ya G kapena ya C, osamanga kwambiri, ndipo kokani uta pa kachigawo kakafupi kaja pakati pa bridge ndi kachitsulo kuti mumve noti yake. Mukakasendeza chapakati noti imatsika, mukakasendeza kufupi ndi bridge imakwera. Sunthani mamilimita awiri kapena atatu okha, imbani, mvetserani, sunthaninso. Ntchito imeneyi imafuna madzulo athunthu ndi chipinda cha phee, osati pamene kwaya ikuyeserera kuseri kwa khoma. Ndi bwinonso kukhala ndi mnzanu woima chapatali, chifukwa chimene khutu la woimba limamva pafupi sichifanana ndi chimene chimafika kwa omvera.

Musayembekezere kuti wolf itheratu. Kawirikawiri imafooka, kapena imagawika pawiri n'kukhala tiwiri tofatsa, kapena imasunthira pakati pa manoti awiri pamene simuimbapo. Kusuntha kumeneku ine ndimakuwerengera ngati kupambana. Ndipo pali mtengo wake: kachitsulo kolemera kwambiri kamaphimba mawu a manoti oyandikana, nsambo ya C n'kuyamba kumveka ngati yatopa. Choncho yambani ndi kopepuka, ndipo mukapeza kamene kakuchepetsa vuto mokwanira kuti muimbe nyimbo yanu, imirani pomwepo.

Nyengo yathu ya Zomba imalowererapo kwambiri. Thabwa limamwa chinyezi ndi kuchitulutsa, ndipo noti ya thupi imasuntha nalo. Malo amene munapeza m'kutentha kouma kwa Okutobala mwina sadzagwiranso ntchito mvula ya Januwale ikamatsika m'phiri tsiku ndi tsiku, ndipo chiperoni cha Juni ndi Julayi chimabwera ndi zakezake. Chida chimene chagona ku Chinamwali n'kukaimbidwa pamwamba pa phiri, ku Ku Chawe, chikhoza kusintha tsiku lomwelo. Ndiye musamange kasikuluwu ngati simudzamasulanso. Kumanga mopitirira kumaphwanyanso waya wokulungidwa pa nsambo, ndipo nsambo ya cello si chinthu chimene mungachipeze mumsika wa Zomba. Imachita kuitanitsidwa kunja, ndipo kachitsulo komweko nakonso n'chimodzimodzi. Ena amafuna kudzipangira. Kanati ka mkuwa kovekedwa pa kalabala ka vavu ya njinga kangathe kukuonetsani ngati kulemetsa kukuthandiza, bola kasagwedere. Koma mtovu wa asodzi wofinyidwa ndi pulayala pa nsambo, umenewo ayi.

Musanagule chilichonse, yang'anani chidacho. Gogodani mozungulira m'mphepete ndi chala chopinda. Pamene guluu wamasuka pamamveka mosiyana, ndipo kutentha ndi chinyezi zimamasula guluu wa zida zimenezi. Onani ngati bridge yaima mowongoka, mapazi ake atakhala pathabwa mokwanira. Suzumirani m'bowo looneka ngati chilembo f muone soundpost, kamtengo koima mkati kolumikiza thabwa la pamwamba ndi la kumsana. Kakasuntha pang'ono chabe wolf ikhoza kukula, koma musakakhudze nokha. Kakagwa nsambo zili zomangika, thabwa likhoza kung'ambika.

Palinso zida zina zimene zimagwira thabwa lenilenilo m'malo mwa nsambo: zina zimamatidwa mkati, zina, monga za kampani ya Krentz, zimagwiritsa ntchito maginito, imodzi mkati ina kunja, ndipo mumazisuntha mpaka mutapeza malo. Zimadula kuposa kapaipi ka mkuwa. Ndipo ngati muli pakati pa nyimbo, mulibe chilichonse mwa izi, panani thupi la cello ndi mawondo pang'ono pamene mukufika pa F, onjezerani kulemera kwa mkono pa uta, ndipo ngati nyimbo ikulola, imbani notiyo pa nsambo ya D m'malo mwa G.