Ana a nkhondo ya ku Mozambique

Nkhondo yapachiweniweni ya ku Mozambique, ya pakati pa boma la Frelimo ndi gulu la Renamo, inayamba mu 1977 ndipo pomwe inkatha mu 1992 inali itapha anthu pafupifupi 1 miliyoni. Renamo, yomwe anthu akumidzi ankaitcha Matsanga, inkathandizidwa ndi boma la azungu la Rhodesia (Zimbabwe ya lero), kenako ndi boma latsankho la South Africa, ndipo inkalimbana ndi chilichonse chimene boma linamanga kumidzi, makamaka masukulu ndi zipatala. Ana sanakodwe m'nkhondoyi mwangozi ayi, chifukwa zimene zinkawotchedwazo ndi zomwe zinkasunga moyo wawo.

Anyamata ogwidwa kumunda kapena kubusa ankayamba ndi kusenza katundu wolandidwa, kenako ankapatsidwa mfuti, ndipo ena ankakakamizidwa kupha munthu wam'mudzi mwawo momwe kuti asadzalakelakenso kubwerera kwawo. Atsikana ankaphika, kutunga madzi ndi kusandutsidwa akazi a asilikali. Nalo boma linkalemba usilikali anyamata osakhwima, ngakhale kuti ambiri mwa ana oterewa anali m'manja mwa Renamo.

Othawa nkhondo amene analowa m'Malawi anafika pafupifupi 1 miliyoni, ndipo ambiri anali amayi ndi ana. Ku Nsanje anachuluka kuposa eni dera. Ku Dedza ndi ku Ntcheu, kumene msewu waukulu ndiwo malire, ochokera ku Angonia, dera la ku Mozambique, ankangodumpha msewu n'kufikira kwa abale olankhula Chichewa chomwecho, mabwinja a masitolo awo akuonekera tsidya linalo.

Pulezidenti Joaquim Chissano ndi mtsogoleri wa Renamo, Afonso Dhlakama, atasainirana pangano la mtendere ku Rome pa 4 October 1992, dziko linasankha kukhululukirana popanda kuzenga milandu, choncho ntchito yolandira ana obwera kutchire inagwera makolo, mafumu, mipingo ndi asing'anga. M'madera ambiri mwanayo sankalowa m'nyumba asanasambitsidwe. Zovala zakunkhondo ankaziwotcha, iye ankamusambitsa ndi mankhwala, nthawi zina kumtsinje komwe ankamulangiza kuti achoke osacheuka, kuti mizimu ya anthu ophedwa isamulondole mpaka pakhomo. Mwambowu unathandiza anyamata ambiri kukhalanso anthu pakati pa anzawo, ndipo suyenera kupeputsidwa. Koma mtsikana wobwera ndi khanda la msilikali kumbuyo kawirikawiri sankawerengedwa pa thandizo lomwe linkaperekedwa kwa otula zida, ndipo apa mpamene mtendere uja unalakwira ana kwambiri.

Mayi Graça Machel, amene anali nduna ya zamaphunziro masukulu aja akuwotchedwa, ndiwo anatsogolera kafukufuku wa bungwe la United Nations wokhudza ana m'nkhondo, ndipo lipoti lake linatuluka mu 1996. Chifukwa cha lipotili, mu 1997 kunasankhidwa nthumwi yapadera yoona za ana m'nkhondo, Olara Otunnu wa ku Uganda, ndipo mu 2000 mayiko anagwirizana zoletsa kutumiza kunkhondo kapena kulemba usilikali mokakamiza aliyense wosakwana zaka 18. Mabomba okwirira pansi anapitiriza kudula miyendo ya ana mpaka Mozambique inalengeza mu 2015 kuti yachotsa onse odziwika. Patangopita zaka ziwiri, nkhondo ina inabuka ku Cabo Delgado, kumpoto kwa dzikolo, kumene zigawenga zikubanso ana m'midzi.